Chaka cha a Fumiko Chimalowa Masana

Lachiwiri, 30 Disembala, ku Woolwich

Lero ndadzuka mtima ukuthamanga ngati mwana amene akudikira zotsatira za mayeso, koma bondo lakumanzere landikumbutsa msanga kuti sindine mwana. Kunja kuli chifunga, mazenera achita thukuta. Musandiseke poyamba motere. Ndinazolowera kuyambira Fomu 1, pamene aphunzitsi athu a Chichewa anatiuza kuti mtsikana wadongosolo amalemba tsiku, amalemba mmene wadzukira, kenako nkhani yake, ndipo pomaliza amalemba zimene achite mawa. Anzanga onse anasiya titangotuluka sukulu. Ine palibe amene anandiuza kuti ndisiye.

Tsamba laleroli si langa ndekha. Ndi lanu inu ana, iwe Takondwa ndi iwe Yamikani. Ndikulemba chifukwa pakamwa ndalephera. M'mawa muno ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha: mawa mundiperekeze ku Edmonton ndi tabuleti yanu ija, mukawaonetse a Fumiko TV ya kwawo ku Japan. Takondwa, unangovula chomvera cha khutu limodzi, linalo likumvabe zako, n'kundiyankha m'Chingerezi kuti unapangana kale ndi anzako kukaona zovala zotsitsidwa mtengo ku Stratford. Yamikani, iwe unati kunyumba ya okalamba kumene amakhalako kumanunkha kabichi. Sunaname, kumanunkhadi kabichi. Koma amayi anu mawa ali pa shifiti kuchipatala, mwana wa a Fumiko, Ken, ali ku Japan ndi ntchito, ndipo ine ndikadina pamene Keniyo anandilozera pa foni, pamatuluka zanyengo za ku Manchester. Ken akuti zonse anakonza kale, chatsala ndi munthu wodziwa kudina. Anthu odziwa kudina m'nyumba muno ndinu awiri.

Ndiye khalani pansi, ndikuuzeni za a Fumiko. Koma ndiyambira kutali, mukundidziwa.

Inu mumaona ngati zithunzi zoyenda munthu amabadwa nazo m'thumba. Ife ku Ntcheu tinakula ndi wailesi imodzi chigawo chonse chakumtunda, ya bambo anga, yovala kansalu koluka kuti isalowe fumbi. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa ngati mfutso, ndipo amene wawaiwala panja mvula n'kugwa, tsiku limenelo ankakagona kwa azakhali. Tsiku la sewero anthu ankabwera ndi timipando tawo, ena ndi chinangwa chootcha, kudzadzaza khonde. Wina akatsokomola pakati pa sewero ankamuyang'ana ngati waba mbuzi. M'mawa mwake kuchitsime, kumsika, m'kalasi, nkhani inali imodzi. Munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga, osadziwana n'komwe, anali ataseka nthawi imodzi. Ndipo ikafika nthawi ya mauthenga a maliro, amayi ankaimika musi mumtondo, ife ana n'kusiya phokoso, kumvera maina.

TV yathuyathu inabwera mochedwa, ndili kale namwino ku Blantyre, amayi anu ali ku pulayimale. Aneba athu atagula yawo, ana a mzere wonse ankasamba msanga, kudzola mafuta mpaka kuwala, n'kukakhala pansi m'nyumba mwa eni ake. Amayi anu ndiye ankakhala kutsogolo, kukamwa kuli yasa, kuonera mizere yamitundumitundu yodikirira kuti kuwailesiko atsegule. Afunseni. Akana, koma afunseni.

Kuno ndinafika nthawi yozizira, nditavala juzi yobwereka kwa mlamu wanga, manja ake ofika m'mawondo. Podikira kuti mapepala anga a unamwino avomerezedwe, ndinayamba ntchito yoyendera okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira tiyi, kenako kuthamangira basi. Chimene chinandidabwitsa sichinali chisanu ayi. Inali TV. Nyumba iliyonse inali nayo, ndipo inkangolankhula yokha, mwini wake atagona pampando, kapena akuyang'ana khoma. Ndinkati, chinthu chimene kwathu ana amasambira, kuno chikungobwebweta ngati munthu woledzera pa siteji ya basi.

Kenako anandipatsa nyumba ya a Fumiko, ku Edmonton. Anali mayi wamfupi, wa tsitsi loyera lodulidwa bwino. Anakwatiwa ndi Mngerezi ali mtsikana, anabwera naye kuno, mwamunayo n'kumwalira. Nthawi imeneyo anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno atagwa pamasitepe. Tinkalankhula Chingerezi, changa cha ku Ntcheu, chawo cha ku Japan, ndipo tinkamvana bwino kuposa mmene tonse awiri tinkawamvera Angerezi eni ake.

Tsiku loyamba nditangoponda pakhomo analoza mapazi anga.

"Nsapato, chonde."

Ndinavula. Sokosi yanga inali ndi chibowo pachala chachikulu, ndipo anachita ngati sanachione. Ndinawakonda pomwepo. Nditatenga beseni kuti ndiwasambitse, anakweza dzanja.

"Osati tsopano, Esinati-san. Khalani apa. Nthawi yakwana."

Padenga la nyumba yawo panali dishi imene inkakoka mapulogalamu a kwawo. M'mawa uliwonse pankabwera kasewero kakafupi, kotha tiyi asanazizire. Nkhani yake inali ya mtsikana wakumudzi amene akulimbana ndi moyo, ndipo inkayenda pang'onopang'ono kwa theka la chaka. Ikatha, amayamba ya mtsikana wina. Ndinawafunsa kuti bwanji amaidula chonchi ngati nyama ya alendo ambiri.

"Chifukwa ndi wotchi," anatero. "Nyimbo yoyamba ikamveka, mpunga ukhale uli patebulo. Sewero likatha, mwana atuluke, mbale zilowe m'madzi. Amayi anga analibe wotchi kukhitchini. Ankati, 'Mtsikana walira kale, iwe ukadali pano?'"

Ine Chijapani sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Koma apongozi ovuta safunika womasulira. Pasanathe milungu iwiri ndinali nditayamba kukuwa ndi Chichewa, "Usamukhulupirire ameneyo, taona nsapato zake!" A Fumiko n'kumagwedeza mutu kuti eya, nsapatozo n'zokayikitsa.

Panalinso pulogalamu ya masewera olimbitsa thupi. Mayi wina ankaimba piyano, atsikana atatu n'kumakweza manja, mmodzi atakhala pampando kuti okalamba azitsanzira iyeyo. A Fumiko anati dziko lonse limawadziwa masewera amenewo pamtima, ana a sukulu, a m'mafakitale, ankhalamba a m'mapaki. Piyano ikangoyamba manja amakwera okha. Ndinayamba kuchita nawo nditavala epuloni. Yamikani, zija umandijambula mobisa m'mawa kukhitchini, ndikupinda ngati nkhuku yomwa madzi, zinachokera kumeneko. Ndikudziwa kuti unatumizira anzako. Ndakukhululukira theka.

Chinanso: wowerenga nkhani akamaliza, ankawerama kutsanzika. A Fumiko nawonso ankamuweramira, ali pabedi.

"Amayi, sakukuonanitu ameneyo," ndinatero.

"Ndikudziwa. Koma ine ndikumuona."

Tsopano tafika pa nkhani imene ndakuitanirani. Takondwa, vula chomvera chinacho.

Unali mwezi wanga woyamba kwa iwo, kumapeto kwa Disembala. Sabata imeneyo a Fumiko anali ndi chifuwa choipa, cholira m'kati, ndipo ine monga namwino sichinkandisangalatsa. Pa 31 ku ofesi anandiuza kuti banja lapempha kuti ndisapite m'mawa, ndipite masana cha m'ma 3 koloko. Sananene chifukwa. M'basi monse mtima unali m'mwamba. Banja likasintha nthawi, kawirikawiri si nkhani yabwino.

Ndinapeza chitseko chili chotsekula pang'ono. Pakhomo panali nsapato zambiri, zondandalikidwa bwinobwino, za amayi ndi za abambo. M'nyumba imene masiku onse munali munthu mmodzi! Ndinamva fungo la lubani. Ndinasuzumira m'chipinda chochezera. Mipando anali ataikankhira kukhoma. Anthu anali atakhala pansi, amayi achikulire angapo mbali imodzi, abambo awiri chakuzenera, onse chete, mitu yoweramitsa. Pa shelefu panali chithunzi ndi kandulo. Ken, amene ndinali ndisanamuonepo, anali akupukuta m'maso. Ndipo pakati pawo, pafupi ndi katebulo kakafupi, a Fumiko anali gone, atafunda bulangete mpaka pachifuwa, manja pamodzi, maso otseka.

Kenako ndinamva belu. Gooo. N'kukhala chete nthawi yaitali. Gooo.

Inu ana simunamvepo belu la maliro. Kwathu la Sabata amaliliza mothamanga, mosangalala. Koma Mkhristu akamwalira amaliliza kamodzikamodzi, kusiya mpata pakati, kuti amene ali kumunda aike khasu pansi. Belu limene ndinamva tsiku limenelo linali lomwelo. TV inali itafulatira chitseko, ine sindinaione. Ndinangoona nsapato, anthu pansi, kandulo, mwana akulira, ndi mayi wachifuwa uja ali gone.

Mkazi wa ku Ntcheu sayenda wopanda chitenje m'chikwama, ngakhale ku London. Ndinachitulutsa, n'kumanga pamwamba pa yunifolomu. Ndipo ndinaganiza kuti, anthu awa ali kudziko la eni, akuopa aneba, n'chifukwa chake akulira chamumtima. Mayi wabwino chonchi apite ngati nkhuku, wopanda womulira? Ayi, ine ndilipo. Ndinaika manja kumutu, n'kulowa chogwada.

"Mayo ineee! Amayi athu atisiya! Dzulo lomweli timaonera limodzi! Mayooo!"

Mawu ndinali nawo masiku amenewo, ndinkatsogolera kwaya ya amayi. Mayi wina anagwetsa kapu. Abambo aja anaimirira. Ine ndinafika pamapazi a malemuwo, n'kugwira bulangete, n'kukweza mawu.

Malemuwo anatsegula diso limodzi.

"Esinati-san," anatero, "mukunditchinga TV."

Ndinatembenuka. Pa kanema panali kachisi pakati pa chipale chofewa, amuna ometa mipala akukankha chimtengo chachikulu cholendewera kuti chigunde belu lalikulu ngati nkhokwe. Pakona panali wotchi. Ndisanapukute n'komwe misozi, manambala anasintha, anthu onse m'chipindamo anaweramirana, akunena mawu amodzimodzi mosangalala. Chaka chinali chalowa. Kunja kwa zenera basi inkadutsa, anthu akuchokera kogula zinthu, masana enieni.

Namwino wathunthu, wa satifiketi, osayamba wagwira ngakhale pamkono kuti amve mtima!

Ken ndiye anandifotokozera, akudziletsa kuseka. Ku Japan dzuwa limafika msanga, amatitsogolera ndi maola asanu ndi anayi, ndiye pakati pa usiku pawo ndi 3 koloko masana kuno. Tsiku lomaliza la chaka mabanja amasonkhana pa TV kuonera mpikisano wa nyimbo, akazi gulu lofiira, amuna gulu loyera. Umatenga maola, agogo akudikira oimba awo akale, adzukulu akudikira awo ovina ngati agwidwa ndi nyerere. Nyimbo zikatha phokoso lonse limazima mwadzidzidzi, n'kuyamba kuonetsa mabelu a mu akachisi a m'madera osiyanasiyana, mpaka chaka chilowe. Pamenepo palibe amayankhula. Pansi anakhala chifukwa kwawo amakhala pansi. Chithunzi chinali cha malemu bambo ake, amawaikira kandulo kuti nawonso alowe nawo chaka. A Fumiko anagona chifukwa chiuno chinatopa ndi kukhala, ndipo anatseka maso kuti amve bwino belu. Nanga misozi yakeyo? Anati nyimbo yomaliza inali imene bambo ake ankaikonda ngakhale Chijapani sankachimva.

Ine ndinkafuna pansi patseguke. Ndinayamba kumasula chitenje, kupepesa uku ndi uku. Koma a Fumiko anali akuseka mpaka kugwira pa opaleshoni, chifuwa chija chikulira ngati ketulo.

"Musamasule," anatero atapeza mpweya. "Esinati-san, mwandilira bwino kwambiri. Ndimadandaula kuti ndikadzafera kuno adzangoimba kanyimbo kamodzi n'kupita kukamwa tiyi. Tsopano mtima wakhala pansi."

Anandipatsa mbale ya soba, zakudya zazitali zoonda ngati zingwe, zamtundu wa phulusa, za mumsuzi wotentha. Amadya tsiku limenelo kuti moyo utalike ngati zingwezo. Timitengo todyera tinandikana, Ken anandibweretsera foloko. Potsanzika a Fumiko anandigwira dzanja.

"Chaka chamawa mubwerenso mudzandilire."

Ndipo ndinapita. Mapepala anga atatuluka ndinayamba ntchito kuchipatala chachikulu cha komweko, koma kwa a Fumiko sindinasiye. Chaka chilichonse ndinkagwira shifiti ya Khrisimasi kuti pa 31 ndikhale womasuka. Anzanga a pa wodi ankati ndine woyera mtima. Sankadziwa kuti ndikuthamangira gulu lofiira. Masana ndinkalowa chaka ku Edmonton ndi belu, madzulo n'kukwera basi kupita kutchalitchi ku Peckham kukachilowanso ndi ng'oma ndi malilime. Mayi wina wa ku Chipata wa mu kwaya yathu ankandiseka, "Imwe a Esinati, muzakalamba musanga, mungena chaka kawiri!" Mwina ananena zoona, taonani bondoli.

Masiku anga opuma ndinkapitanso, ndipo ndinaphunzira kuti chaka chonse cha a Fumiko chinkayenda ndi TV ija. Kuno nyengo zimangosiyana kuchuluka kwa majuzi, koma m'chipinda chija zinkafika bwinobwino. Dzinja la kuno likamatha, wolosera zanyengo ankaonetsa mapu a maluwa: lero aphuka chigawo chakumwera, sabata yamawa afika pakati. Munthu wamkulu, wa tayi, kulengeza maluwa ngati akulengeza mtengo wa feteleza! A Fumiko ankadikira tsiku limene mzerewo ufike kwawo, n'kugula keke. Nthawi yotentha kunali mpira wa ndodo wa anyamata a sekondale. Ogonja ankalira poyera, n'kugwada kutapa dothi la pabwalo kuika m'timatumba kuti apite nalo kwawo. Ine ndinkalira nawo, ngakhale malamulo a mpirawo mpaka lero sindiwadziwa. Ndiye panali azibambo onenepa aja olimbana atavala ngati matewera. Asanagwirane amamwaza mchere pabwalo, dzanja lodzaza. Ine ndinakulira m'nyumba imene mchere ankauyeza ndi kapu ya botolo, ndiye ndinkangoti, "Kalanga ine, ndiwo za mwezi wathunthu!" A Fumiko ankawadziwa onse maina, ndi amene wavulala bondo, ndi amene wangokwatira.

Za mapulogalamu a zakudya ndisanene zambiri. Munthu akungodya, kamera ili pakamwa pake, pakona pa kanema pali kankhope ka munthu wina amene ntchito yake ndi kudabwa basi. Ndinawauza a Fumiko kuti ntchito imeneyo ndingaithe, andilembere kalata.

Koma tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, tiyi osamwa. Sewero kunalibe. Pa kanema panali mapu akuthwanima, ndipo wowerenga nkhani, bambo wofatsa uja woweramira anthu, anali akukuwa. A Fumiko anati kwachitika chivomerezi, akuuza anthu a m'mphepete mwa nyanja kuti athawire kumtunda, asabwerere kukatenga kanthu. Anandiuza kuti kwawo nthaka ikangoyamba kugwedezeka, dzanja limathamangira pa TV. Tinakhala pamenepo tsiku lonse, iwo akuyesa foni ya mchemwali wawo. Ndinakumbukira amayi anga ataimika musi mumtondo. Madzulo mchemwali uja anayankha, ali bwino. Tinadya mpunga wozizira, ndipo unakoma.

Inu mumati TV ndi ya nkhalamba. Mwina. Ndikalowa m'chipinda chanu ndimapeza aliyense ali ndi kagalasi kake, wina akuseka, wina wakwinya nkhope, mwakhala bedi limodzi koma wina ali ku Japan wina ali ku America. Ndipo makatuni mumaonerawo, a maso aakulu ngati mbale ndi tsitsi losongoka, ndi a kwawo kwa a Fumiko omwewo. Mumadya za m'munda mwawo tsiku ndi tsiku, koma eni munda simukufuna kukawaona.

Tsopano a Fumiko apitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Ali kunyumba ya kabichi ija. Mutu wayamba kutaya zinthu, ndipo choyamba kutayika chinali Chingerezi. Chinangothothoka pang'onopang'ono, chatsala ndi Chijapani chokha, chimene m'nyumba monsemo palibe amachimva. Atsikana ogwira ntchito kumeneko ndi abwino, wina ndi wa ku Mzimba, amawapesa bwino. Koma TV ya m'chipinda chochezera imangoonetsa anthu ogulitsa mipando yakale. Dishi ija inatsala kunyumba yakale, ndipo ngakhale ikanabwera, akuti zoulutsa za pa dishi zinatha, zonse zinasamukira pa intaneti.

Chaka chatha ndinapita ndi soba wanga mu fulasiki. Atangomva fungo anakhala tsonga, n'kukonza kolala ya bulauzi. Anadya pang'ono. Kenako anayang'ana TV ya pakhoma, n'kuyang'ana ine, n'kuika dzanja kukhutu. Munthu amene sadziwa kuti lero ndi lachingati, koma belu analikumbukira. Ndinasowa chochita. Ndinatenga supuni n'kugogoda kapu, kamodzikamodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiweramira mwaulemu, monga mmene umathokozera mwana amene wakupatsa keke yadothi. M'sitima pobwerera sindinafune kuyang'ana munthu.

Mwezi uno afooka. Akudya ngati mbalame. Sindikunena kuti chaka chamawa kulibe, zimenezo mwini wake ndi Mulungu. Ndikungonena kuti belu limalira kamodzi pa chaka, ndipo ndi mawa.

Ndinalekeza apa kuti ndikatenthetse chakudya chamasana, ndipo zimene zachitika ndiyenera kuzilemba zisanazizire.

Pobwera ndakupeza iwe Takondwa utaweramira tsambali, chala chili pamzere, milomo ikuyenda ngati mwana wa Sitandade 2. Chichewa umati sutha kuwerenga, koma pamene pali dzina lako umatha.

"Agogo," wafunsa, theka Chichewa theka Chingerezi monga mwa masiku onse, "munaliradi? Mokweza?"

"Mpaka aneba anatsegula chitseko."

Waseka mpaka kukhala pansi pafupi ndi firiji. Yamikani wabwera kudzaona, wamufotokozera, nayenso wayamba kundiyeserera, manja kumutu, "Mayooo!" ndi kamvekedwe ka ku Woolwich. Ndamuuza kuti kulira kotero kwathu angamubweze pachipata.

Kenako iwe Takondwa wati, "Belu limenelo ndimalidziwa. Limakhala m'makatuni. Amaliliza kambirimbiri kuti zoipa za chaka chatha zichoke."

"Ndiye umadziwa, n'kumandisiya ine ndikugogoda kapu?"

"Simunandifunse. Mumangoti makatuni andiwononga mutu."

Apo wandigwira. Ndakufunsa ngati m'makatunimo watolamo mawu oti n'kupatsa moni munthu wamkulu. Waima, manja m'mbali, n'kunena kanthu kakatali ndithu, n'kuwerama. Yamikani wati iyenso amadziwa Chijapani, ndipo wakuwa mawu ena ake atatambasula chibakera.

"Watanthauza chiyani?"

"Akuti, 'Konzeka kufa,'" watero iwe.

"Yamikani, mwana wa mwana wanga, mawu amenewo uwasiye pa Woolwich pompano. Kumene tikupitako angakuyankhe kuti akonzeka kale."

Mwatenga tabuleti, mwafunsa amayi anu pa foni zimene Ken anatumiza, mwadina apa ndi apo mukukangana, ndipo mwadzidzidzi patebulo la kukhitchini, pakati pa botolo la tomato sosi ndi makiyi, patuluka bambo wa tayi ataima pafupi ndi mapu. Kumeneko kunali kutada kale. Wanena zake, wamaliza, wawerama. Ine ndisanaganize n'komwe, ndapezeka ndamuweramira.

"Agogo, sakukuonani," watero Yamikani.



Za ku Stratford, Takondwa, wati uwauza anzako kuti mupite Loweruka, zovala sizithawa. Koma waika lamulo lako: ukufuna ndikalirenso ngati tsiku lija kuti ujambule. Ndakana. Kulira maliro si sewero la pa foni, komanso m'nyumba ya okalamba ukalira chonchija, anthu khumi angaganize kuti ndi awo. Tagwirizana kuti ndikuphunzitsa kumanga chitenje kuti chisamagwe, iwe undiphunzitse moni uja m'sitima.

Ndiye zamawa ndi izi. Ndidzuka msanga kuphika soba, msuzi mu fulasiki, zingwezo padera kuti zisafewe. Inu mudzuke ndikangogogoda kamodzi, tabuleti ikhale yodzaza moto, chaja m'chikwama. Tikwera sitima ya Elizabeth line mpaka Liverpool Street, kenako ya Overground, kuti tikafike gulu lofiira lisanayambe kugonja. Aliyense avale sokosi zopanda chibowo. Zomvera za m'makutu zitsala pano patebulo, chifukwa kumeneko tonse tikamvera chinthu chimodzi. Chitenje nditenga, koma n'chofunditsa a Fumiko miyendo.

Nyimbo zikakatha, belu likakayamba, mukakhale chete. A Fumiko akakatseka maso, musakachite mantha, ndipo musakandiyang'ane ine. Ulendo uno ndikayamba ndawagwira pamkono, ngati namwino, ndipo sindikawasiya mpaka chaka chitalowa.